Bwenzi Si Banki

Acinyamata anzanga, pali ciphunzitso coipa cimene cafala pa msika wa Kamwala ndi m'makomboni athu, kuyambira ku Kanyama mpaka ku Mtendere. Akuti yenda ndi amene ali ndi kanthu: wokupezera nchito m'sitolo, wokubwereka ndalama zoodera salaula, wokugulira mowa. Ife tikana! Amenewo ndi malonda cabe.

Anzeru akale ochedwa Astoiki anaona kale cinyengo cimeneci. Epictetus, amene anali kapolo ku Roma asanakhale mphunzitsi, anapereka citsanzo ca tiagalu tosewera pamodzi mokondana. Ponyani nyama pakati pawo, pomwepo mudziwa ubwenzi wawo. Kodi si zimene tiona anyamata awiri akagwirizana pa bizinesi, phindu likabwera nkuyamba kulozana zala?

Seneca, amene anafa m'caka ca 65 polamulidwa ndi mfumu Nero, analembera mnzake Lucilius makalata ambiri. M'kalata yacitatu anamulangiza kuti ayambe wamuyesa munthu asanamuche bwenzi, ndipo akamulandira amukhulupirire ndi mtima wonse. Ife timacita zosiyana: sabata limodzi tamuululira zonse, mwezi ukatha tiyamba kumukayikira. M'kalata yacisanu ndi cinayi anati wanzeru safuna bwenzi kuti adzapeze womudwazika, koma kuti iye mwini akhale ndi womudwazika ndi womuthandiza pa tsoka.

Wina adzati, "Nanga makolo sanati mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako?" Inde anatero, ndipo kuthandizana nkwabwino. Koma ngati uzima moto uli kuwerengera za mawa, udzatani ndi mnzako amene sadzatha kukubwezera? Udzamusiya apse?

Winanso adzati Astoiki anali akunja. Zoona, ndipo Paulo anatsutsana nawo ku Atene, monga tiwerenga pa Macitidwe 17. Ndiye manyazi athu akula! Ngati anthu osadziwa Kristu anafika pamenepa, nanga ife obatizidwa?

Yeso lake nali. Mnzako akatsekeredwa m'ndende, kapena akagonekedwa ku UTH, alibe cokupatsa. Ambiri amene ankadya naye sadzaoneka. Iwe nyamula kansima ndi sopo, upite ukamuone Lamlungu lino tikaweruka ku chalichi.