Kumayadi ndi kumalokeshoni: zimene phiri la Soche linaulula

Mumzinda wa Blantyre, funso loti "mumakhala kuti?" limafunsa zambiri kuposa njira. Woyankha kuti "ku Namiwawa" kapena "ku Sunnyside" wanena kale za sukulu ya ana ake, za madzi a m'nyumba mwake ndiponso za chipatala chimene amathamangirako usiku. Woyankha kuti "kwa Goliyo ku Ndirande" kapena "ku Ntopwa ku Bangwe" wanenanso zomwezo, ndipo womumvayo wamuika kale pa mlingo wake. Ife timati awa ndi a kumayadi, awa ndi a kumalokeshoni, ngati kuti tikungotchula malo, koma tikutchula magulu a anthu.

Magawowa sanamere okha ngati bowa. M'nthawi ya atsamunda, azungu anadzipatulira malo abwino okhala ndi mabwalo aakulu, amwenye anakhazikika pafupi ndi masitolo awo, pamene Amalawi ogwira ntchito m'nyumba ndi m'makampani ankagona m'midzi ya m'mphepete monga Ndirande, n'kumalawirira wapansi. Blantyre ndi Limbe zitaphatikizidwa mu 1956, ndiponso ufulu utabwera mu 1964, anasintha ndi eni nyumba za kumayadi, koma malire aja anatsala pomwepo. Mpaka lero Nyambadwe ndi Ndirande n'zoyandikana moti mlonda amayenda mphindi zowerengeka kuchoka kumene akulondera kufika kumene akuchita lendi.

Tanthauzo lenileni la kusiyanaku linaoneka mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula ya masiku angapo osalekeza. Matope ndi miyala zinatsetsereka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti m'maboma a kumwera mwagwa ngozi. Mvula inali imodzi mumzinda wonse. Kumayadi inagwetsa mipanda ndi mitengo, magetsi n'kuthima. M'munsi mwa phiri inatenga mabanja athunthu. Anthu a ku Chilobwe anali ataonapo kale madzi osefukira mu Januwale 2015, choncho sitinganene kuti sankadziwa kuopsa kwa malowo.

Apa ndi pamene ambiri a ife tinafulumira kuweruza: ankafunanji kumanga m'phiri? Funsoli n'loyenera, ndipo tisabise kuti ena mwa omanga m'mapiri a mzinda uno si osauka konse, koma anthu opeza bwino amene anagula malo mwachinyengo akuluakulu akuyang'ana. Komabe kwa mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe, kapena mnyamata wa kabaza, yankho lake n'lapafupi. Malo osalala, oyezedwa ndi khonsolo, okhala ndi msewu ndi ngalande, ali ndi mtengo umene iye sangaufike. Akapita kutali kumene lendi yachepa, ndalama ya minibasi imadya phindu lonse la tsikulo. Chimatsala ndi phiri, kapena m'mbali mwa mtsinje wa Mudi ndi Nasolo. Munthu wotere sasankha ngozi, amatenga malo amene atsalira.

Timakonda kunena kuti kanthu n'khama, phwiti anakwatira njiwa. Mwambiwu ndi woona, koma tisaugwiritse ntchito ngati chikwapu. Amene amadzuka tambala woyamba kukapikula makala, kapena kukaima pamzere wa madzi pa kiyosiki, sangaphunzitsidwe khama ndi wina aliyense. Chimene chimamulekanitsa ndi mnzake wa kumayadi ndi chakuti iye akadwala sabata imodzi, kapena moto ukagwira benchi yake mumsika, alibe pogwira.

Palinso gulu lapakati limene sitilitchula kawirikawiri: aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki a ku Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Kumudzi amatengedwa ngati mabwana, ndipo maliro alionse bokosi limayembekezeka kuchokera kwa iwo. Koma kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro awo anasungunuka mwezi usanafike pakati, ambiri n'kugwera m'katapila.

Maepiskopi athu anaiona kale nkhaniyi. Kalata yawo ya pa 8 Marichi 1992, imene Ambuye James Chiona, Arkiepiskopi wa Blantyre pa nthawiyo, anasaina pamodzi ndi anzawo, timaikumbukira pa za ufulu wa ndale, koma inadandaulanso za phompho lomwe linkakula pakati pa olemera ndi osauka, ndi za malipiro osakwanira. Patangotha miyezi iwiri, mu Meyi, antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ananyanyala ntchito, ndipo chipolowe chinafalikira mumzinda. Zipani zambiri zinabwera, koma mbali iyi ya kalatayo idakali ngongole.

Nkhaniyi imalowanso m'miphakati mwathu. Posankha wapampando wa tchalitchi, maso amathamangira kwa mwini galimoto. Mapemphero a mphakati amazungulira m'nyumba zokhala ndi mipando ya sofa, ndipo wa chipinda chimodzi amapepesa yekha kuti kwawo n'kothina. Pa maliro a bwana kwaya imadzaza basi; pa maliro a mlonda wake timayamba tafufuza m'kaundula ngati anamaliza kupereka mtulo.