Mtsinje ndi zikalata za malo m'mbiri ya banja la Lincoln

Olemba mbiri ya banja la Abraham Lincoln, amene anatsogolera dziko la America kuyambira 1861 mpaka 1865, amakonda kutamanda nkhwangwa ndi kanyumba ka mitengo, koma amangolambalala mtsinje, ngakhale kuti ndiwo unkasandutsa thukuta la mlimi kukhala ndalama.

Agogo ake aamuna, amenenso anali Abraham, anachoka ku Virginia kukatsegula munda ku Kentucky, dera limene Azungu ankaliyesa lopanda mwini pomwe mitundu ngati Shawnee inkasakamo nyama kuyambira kale, ndipo mu 1786 anaphedwera kumunda ndi mmodzi wa eni nthakawo. Popeza lamulo linkapereka malo kwa mwana wamwamuna wamkulu, Mordecai analandira mundawo, pamene mng'ono wake Thomas, bambo a Abraham Lincoln, anakulira m'maganyu.

Mlimi wa kumeneko akakolola, msika weniweni unali ku New Orleans, kumatsiriro kwa mtsinje wa Mississippi. Chimanga, ufa ndi nyama ya nkhumba zinkapakiridwa mu flatboat, chombo chamatabwa chathyathyathya kunsi, chopanda injini, chimene chinkangotsata madzi osatha kubwerera kumtunda. Chikafika ankachiphwasula n'kugulitsa matabwawo, ndipo oyendetsa ambiri ankabwerera wapansi kudzera njira ya Natchez Trace. Thomas anayenda ulendo wotere mu 1806, chaka chomwe anakwatira Nancy Hanks.

Chimene chinamusamutsa ku Kentucky mu 1816 chinali makamaka milandu ya malo, chifukwa malire ankalembedwa potchula mitengo ndi miyala, moti munda umodzi unkatha kukhala ndi zikalata za anthu angapo. Kutsidya kwa mtsinje wa Ohio, ku Indiana, boma linkayamba layeza malo lisanawagulitse.

Abraham, mwana wa Thomas, anatsika ndi mtsinje mpaka ku New Orleans mu 1828, ali ndi zaka 19, pa malipiro a madola 8 pamwezi, koma iye anabwerera pa sitima yoyendera nthunzi. Pa ulendo wachiwiri, mu 1831, chombo chake chinakakamira pa damu la chigayo ku New Salem, ku Illinois, mudzi umene pambuyo pake anakhazikikamo. Kutitimira kwa zombo m'madzi osaya kunamukhala pamtima, kotero kuti mu 1849 boma linamupatsa chikalata cha umwini wa chipangizo chimene anatulukira chonyamulira chombo pamchenga, ngakhale kuti sichinagwiritsidwepo ntchito pamtsinje uliwonse.