MUSATAYE MAKINA A ANA ATHU OSAONA!

Abale ndi alongo a nthambi yathu ya Chiuta,

Pa msonkhano wathu wapitawu panabuka mkangano. Ena anati makompyuta amene ana athu osaona ndi achialubino amaphunzirira akalamba, choncho atayidwe, tidikire atsopano. Ife tikukana, ndipo tamverani zifukwa zake.

Chautsa mapiri pachigwa ndi ichi: pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inaleka kusamalira Windows 10, ndipo makina ambiri akale sangathe kunyamula Windows 11. Zimenezi nzoona. Koma kodi makinawo anafa tsiku limenelo? Iyayi! Chimene chinatha ndi zigamba zotchingira akuba a pa intaneti. Nanga ku Ngokwe, ku Chikweo ndi ku Nayuchi, ndi ana angati amene amaswera pa intaneti? Chimene mwana wosaona afuna ndi makina omuwerengera buku mokweza ndi kumulola kulemba yekha. Wachialubino, amene maso ake saona patali, afuna zilembo zazikulu. Ntchito ziwirizi makina akale amazigwirabe.

Msodzi wa pa Chiuta, bwato likabooka, samalitentha. Amalimata, mawa nkulowanso m'madzi. Kompyuta yochedwa nayonso ili ndi mankhwala ake: kuonjezera RAM, kuchotsa disiki yakale nkuikamo SSD, kugula batire lina, ndi kuika sola kumene magetsi a ESCOM sanafike. Mtengo wa zonsezi sufika pa mtengo wa kompyuta yatsopano. Ndipo pulogalamu yoyankhula ya NVDA, imene inayambitsidwa mu 2006 ndi Michael Curran, munthu wosaona wa ku Australia, ndi yaulere. Sitilipira ngakhale tambala.

Tsono taganizani za kugula. M'dziko muno sitipanga makompyuta, onse amagulidwa ndi madola. Mu Novembala 2023 kwacha yathu inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wakunja nkukwera. Akatiuza kuti "atsopano akubwera", tifunse: abwera mwezi uti? Mayeso a MANEB sadikira galimoto ya ku Lilongwe. Mwana amene alandidwa makina mu Sitandade 7 akhoza kulemba mayeso a Sitandade 8 ali chimanjamanja. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi alionse a zaka zisanu kupita m'mwamba, mmodzi ali ndi ulumali. Amenewa si anthu ochepa. Ndime 25 ya Malamulo Aakulu a dziko lino ikuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro, ndipo mu 2024 tinalandira lamulo latsopano la anthu aulumali. Koma lamulo lokhala m'kabati silimuwerengera mwana buku.

Sitikunena kuti chakufa chisaikidwe. Kompyuta yopsa ndi mphezi, yosakonzeka, ilowedwe m'malo. Zimene nthambi yathu ikufuna ndi zitatu. Choyamba, makina onse aonedwe ndi mmisiri, pamaso pa komiti ya sukulu ndi pa aphunzitsi amene anasulidwa ku Montfort, ku Nguludi, pakuti ndiwo adziwa zosowa za anawa. Chachiwiri, anawo afunsidwe, popeza makutu amene amamva makinawo ndi awo. Chachitatu, kompyuta yakale isatuluke m'kalasi kufikira yatsopano itafika pa tebulo, itayatsidwa, ndi kuyankhula mwana akumva.

Mafumu athu, makhansala ndi aphungu a Machinga ndi Balaka, mwamva. Makolo, musachite manyazi kufunsa kumene makina ochotsedwa akupita. Mwana wosaona ndi wa mudzi wonse, ndipo tikakhala chete ife, adzamuyankhulira ndani?

Kwacha!

Mlembi wa Nthambi