Zilonda za m'mimba zikakana mankhwala ku Budiriro

M'makomo ambiri ku Budiriro, mumzinda wa Harare, muli mayi kapena bambo amene amadzuka pakati pa usiku m'mimba mukuotcha. Tsabola analeka, tiyi amamwa wozizira, mankhwala anamwa kale kuchipatala, koma ululu ukubwererabe. Achibale ena ayamba kunong'ona kuti anadyetsedwa.

Kawirikawiri gwero lake ndi kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren anakatulukira ku Australia mu 1982. Kamalowa m'thupi munthu akadali mwana, kudzera m'malovu kapena m'madzi ndi chakudya chokhudzana ndi chimbudzi. Kakakhalitsa kamayambitsa zilonda, ndipo kwa ena khansa ya m'mimba. Nthawi zambiri dokotala amapereka omeprazole pamodzi ndi amoxicillin ndi clarithromycin, omwa masiku 14. Koma mu 2017 bungwe la WHO linaika kachilomboka m'gulu la tizilombo tofunika mankhwala atsopano, chifukwa clarithromycin wayamba kulephera. Metronidazole, uja timamutcha Flagyl, nayenso m'madera ambiri a mu Africa sakugwiranso bwino, poti timamumwa mwachisawawa m'mimba mukangotsegula.

Anthu a ku Budiriro ndi Glen View zoterezi anaziona ndi maso. Kolera itabuka mu September 2018, madzi a m'mijigo ina ataipitsidwa, kachilombo kake kanakana ciprofloxacin, mpaka madokotala anatembenukira ku azithromycin.

N'chifukwa chake mtima umandipweteka ndikaona mwana wa wodwala ataima pamsika, akugula makapisozi anayi okulungidwa m'kapepala chifukwa ndalama yathera pomwepo. Amachita zimenezi pokonda kholo lake, sindikumunyoza. Koma makapisozi anayiwo amangopha tizilombo tofooka, totsalato n'kukhwimirako.

Mankhwala oyamba akalephera, musawagulenso. Bwererani ku Budiriro Polyclinic mutanyamula khadi ndi timabokosi ta zonse zimene wodwala anamwa, ngakhale zogula pamsika zija, musachite manyazi. Alipo mankhwala ena, monga ophatikiza bismuth, tetracycline, metronidazole ndi omeprazole. Ndi ambiri, amachititsa nseru, chimbudzi chimada, ndipo mowa ndi woletsedwa. Apa m'pamene wodwala amafuna kusiyira panjira, ndipo m'pamene pamafunika wachibale mmodzi wolemba nthawi papepala, wophika kaphala, wolimbikitsa kufikira tsiku lomaliza. Ululu ukatha musati wachira. Pakapita masabata anayi atamaliza mankhwala apimitsenso chimbudzi, atasiya omeprazole kwa masabata awiri monga dokotala angamuuzire.

Koma akayamba kusanza magazi, kuonda popanda chifukwa, kapena kuchita chimbudzi chakuda chonanda asakumwa bismuth, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala, ndipo pemphani kalata yomutumiza kuchipatala cha Sally Mugabe kapena cha Parirenyatwa kuti akamuunike m'mimba.

A khonsolo ya Harare nawonso atimve. Banja likhoza kumaliza mankhwala onse, koma mipopi ikakhala youma, zonyansa za m'masuweji zikuyenda m'misewu, ana athu azingotenga kachilomboka. Pakadali pano madzi akumwa tiziwiritse kapena kuthiramo kolorini, ngakhale otunga pamjigo.