ZA PA KHOMO LA MKRISTU: Makonzedwe a Mawu a Nyimbo za m'Kanema

Pa tsiku la 22 la mwezi uno wa Novembala Eklezia akumbukira Sesiliya Woyera, nkhoswe ya oimba onse. Chifukwa chake nkoyenera kuti tikambirane za nyimbo, makamaka za kachipangizo kamene ana athu ayenda nako m'thumba, ndiko foni kapena kawailesi ka memori khadi, ndi za makonzedwe a mawu ake.

Mwa nyimbo zopezeka m'zipangizo zimenezi zilipo zina zochokera m'kanema, zoimbidwa ndi gulu lalikulu lotchedwa orchestra. M'gulu lotere mukhala anthu 80 ngakhale 100, ena ndi mavayolini, amene ali ngati kaligo wathu koma a nsambo zinayi, ena ndi zitoliro, ena ndi malipenga, ena ndi ng'oma. Chitsanzo chotiyenera ife Akatolika ndi nyimbo za kanema wotchedwa The Mission, wa chaka cha 1986, zimene anapeka Ennio Morricone wa ku Italy, amene anamwalira mu 2020. Kanemayo asimba za ansembe Achijezuiti amene analalika Mthenga Wabwino pakati pa anthu a mtundu wa Guaraní ku South America m'zaka za m'ma 1750. M'menemo wansembe wina alowa m'nkhalango yekha, wopanda mfuti kapena mkondo, nakhala pa mwala, nayamba kuliza chitoliro chotchedwa oboe. Ndipo eni dziko, amene anadza ndi mauta, amzinga namvetsera, napita naye kwawo. Nyimboyo itchedwa Gabriel's Oboe.

Tsono taonani chimene chichitika. Mnyamata wozolowera nyimbo zovina akweza besi kufikira pothera, ndipo akaika nyimbo ya orchestra, chitoliro chija chimira m'chiphokoso monga mawu a kamwana pa msika. Iye nati nyimboyo njosakoma, pamene cholakwa chili m'makonzedwe.

M'mafoni ambiri, pa malo okonzera nyimbo, muli chinthu chotchedwa equalizer. Ntchito yake ifanana ndi ya mtsogoleri wa kwaya, amene auza a besi kuti atsitse pang'ono, nauza a sopulano kuti akweze, kuti mawu onse amveke pamodzi. Mudzaona timizere tisanu kapena khumi totheka kukweza ndi kutsitsa ndi chala, ndipo kamzere kalikonse kali ndi nambala yake. Nambalayo isonyeza kuti mawu anjenjemera kangati pa sekondi imodzi, ndipo muyeso wake ndi Hertz, mwachidule Hz. Khutu la mwana wamoyo limva kuyambira 20 Hz, ndiwo mawu otsika ngati bingu lakutali, kufikira 20,000 Hz, ndiwo mawu oonda koposa. Pa mafoni ambiri a Android timizere tisanu tija tilembedwa 60, 230, 910, 3,600 ndi 14,000. Kumanzere kuli mawu otsika, kumanja okwera. Kukweza ndi kutsitsa kwake kuyesedwa ndi decibel, mwachidule dB.

Choyamba, ikani timizere tonse pakati, pa 0. M'mafoni ena makonzedwe amenewa alembedwa Flat. Pakuti amene anajambula nyimboyo analinganiza kale mawu a gulu lonse mosamala, ndipo kawirikawiri sipasowa kusintha kanthu. Mverani nyimbo yonse kufikira kumapeto musanakhudze kamzere kalikonse.

Chachiwiri, ngati pali chosamveka bwino, tsitsani chimene chachuluka, m'malo mokweza chimene chachepa. Kachipangizo kali ndi malire a mphamvu yake. Mukakweza timizere kwambiri, pofika pamene gulu lonse liimba ndi mphamvu mawu asweka, namveka ngati nsalu yong'ambika. Makolo anati, ng'oma yoliralira sichedwa kung'ambika. Dziwaninso kuti vayolini wamkulu koposa, wa besi, atsika kufikira pafupi ndi 41 Hz, ndipo kasipika ka foni sikangathe kutulutsa mawu otere. Kukweza kamzere ka 60 kumangokanjenjemeretsa chabe. Mawu otsikawo amveka pa mahedifoni kapena pa sipika yaikulupo.

Chachitatu, sunthani kamzere kamodzi pa nthawi imodzi, ndi 2 dB kapena 3 dB basi, nimumverenso malo omwewo a nyimbo. Ngati gulu limveka ngati liimbira mumtsuko, tsitsani 230. Ngati mavayolini ndi malipenga alasa m'makutu, tsitsani 3,600, pakuti khutu la munthu limva msanga koposa mawu a pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz. Koma kamzere kapakati, ka 910, musakatsitse, chifukwa chapafupi pamenepo ndipo pakhala mawu a zitoliro ndi a kwaya. Ndipotu oboe ndiye apatsa gulu lonse liwu loyambira, la 440 Hz, kuti onse alinganize zipangizo zawo asanayambe kuimba. Pomvera motsitsa usiku, anzanu ali m'tulo, mukhoza kukweza 60 pang'ono pa mahedifoni. Pakuti akatswiri awiri, Fletcher ndi Munson, anaonetsa mu 1933 kuti nyimbo ikatsitsidwa khutu litaya mawu otsika msanga kuposa apakati.

Chachinayi ndicho chachikulu, ndipo ndikupemphani inu makolo kuti muchigwire. Nyimbo ya orchestra iyamba monong'ona, nitha kugunda mwadzidzidzi ngati mphezi. Mwana akakweza mawu kuti amve ponong'ona paja, pogunda padzampweteka. Chifukwa chake afune poyamba malo ogunda koposa, aike mawu pamene khutu liwalandira bwino, nawasiye pomwepo. Bungwe la World Health Organization lilangiza kuti munthu wamkulu asapitirire 80 dB kwa maola 40 pa mlungu, ndipo mwana asapitirire 75 dB. Mawu akakwera ndi 3 dB, nthawi yomvera bwino idulidwa pakati. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi timatsitsi tosaoneka ndi maso, timene tilandira mawu. Tikawonongeka sitimeranso, ndipo palibe mankhwala otibweza. Kumudzi mulibe choyesera dB, koma zizindikiro nzapafupi: mukaima pafupi ndi mwana wovala mahedifoni, pa mtunda wa mkono umodzi, nimumlankhula, iye osamva, mawu achuluka, akavula mahedifoni namva m'makutu mukulira, achulukitsa ndithu. Mwana wotere apumitse makutu ake, ndipo kulirako kukapitirira apite kuchipatala. Musamlolenso kuvala mahedifoni poyenda pa msewu kapena pa njinga, kuopa kuti galimoto lingamdzidzimutse.

Makutu ndi mphatso ya Mulungu; ndi iwo timva belu la tchalitchi, mawu a Mthenga Wabwino, ndi kuitana kwa amayi okalamba. Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto, mutu 12, atiphunzitsa kuti ziwalo za thupi zisowana, ndi kuti zooneka zofooka nzofunika ndithu. Ndi mmene lilili gulu la oimba, ndi mmene lililinso banja. Liwu la atate lili ngati besi, ntchito yake ndiyo kuchirikiza nyimbo. Koma likakwera lokha, mawu a amayi, a ana ndi a mwana wamasiye wokhala pakhomopo samvekanso.

Madzulo ena a mwezi uno khalani pamodzi pakhonde, mupemphe mwana wanu aike timizere tija pakati, nimumvere nyimbo imodzi banja lonse musanayambe Korona. Sesiliya Woyera atipempherere, ndipo Mulungu adalitse mabanja anu onse.