Kompuresa sagula ndi maso

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munakhalapo m'kalasi mwanga, lero ndabwera ndi mkangano. Masiku ano aliyense akufuna kagalaja kake pakhomo. Wina akaweruka akufuna azikonza njinga zamoto za akabaza, wina azipenta mageti ndi mafelemu a mawindo, wina azipopa matayala kuti apezeko ya ndiwo. Palibe cholakwika pamenepo, malipiro athu tonse tikuwadziwa. Chimene chikundiwawa n'chakuti anthu ophunzira bwinobwino, ena mwa iwo ophunzitsa sayansi, akalowa mushopu kukagula kompuresa amasankha ngati akugula mbuzi ya Khirisimasi. Amaona kukula kwa thanki, kunyezimira kwa penti, ndi chinambala cha HP chimene chamatidwa pambali. Zitatu zonsezi sizikuuzani ntchito imene makinawo angagwire.

Tiyambe ndi HP, poti ndi pamene bodza limakulira. HP imodzi ndi mawati 746. Magetsi a m'nyumba kuno kwathu ndi mavolti 230, ndipo pulagi yathu ya mano atatu ija ili ndi fyuzi yosaposa ma amp 13. Chulukitsani 230 ndi 13, mupeza mawati 2,990. Awa ndiwo malire a pulagiyo. Tsono munthu akukuonetsani kompuresa yolembedwa 5HP, yokhala ndi pulagi yofanana ndi ya ketulo, inu n'kugwedeza mutu kuvomera. HP 5 ndi mawati 3,730, ndipo apo sitinawerengere mphamvu imene mota imataya ngati kutentha. Mawati enawo achokera kuti? Kwa asing'anga? Nambala zoterezi nthawi zambiri zimakhala za mphamvu imene mota imakoka kwa kanthawi kochepetsetsa, osati imene imagwira nayo ntchito tsiku lonse. Pa pulagi wamba 3HP ndiye mapeto, ndipo nayonso imatha kupsereza fyuzi podzuka, chifukwa mota ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa ikakhazikika. Masamu amenewa mwana wa Fomu 3 amawachita pa bolodi. Bwanji bambo wa dipuloma akuwasiya pakhomo la shopu?

Nkhani ya thanki ndiye imandipsetsa mtima kwambiri. Ndamva kangapo m'chipinda cha aphunzitsi wina akunyadira kuti "yanga ndi ya malita 100", ngati kuti malitawo ndiwo mphamvu. Thanki ndi nkhokwe chabe. Imasunga, siipanga mpweya. Kukula kwa nkhokwe sikukolola chimanga, amakolola ndi munda, ndipo munda wa kompuresa ndi pampu yake. Robert Boyle anafalitsa lamulo lake lija mu 1662, ife takhala tikulilembetsa m'makope chaka ndi chaka, ndiye tiyeni tiligwiritse ntchito kamodzi kokha. Thanki ya malita 50 yadzaza kufika pa bar 8. Zida zambiri za mpweya zimafuna bar 6 kapena kuposerapo pang'ono, imene pa geji ina imalembedwa 90 psi. Choncho mpweya umene mungaugwiritse ntchito ndi wa pakati pa 8 ndi 6, kutanthauza 2 kuchulukitsa ndi 50, malita 100 basi. Spray gun yopentera galimoto imatha kudya malita 300 pa mphindi. Malita 100 aja atha m'masekondi 20. Kuchokera pamenepo mukudalira pampu, ndipo ngati pampuyo ikutulutsa malita 140 pa mphindi, mudzapenta theka la chitseko n'kuima, penti n'kuyamba kutuluka madontho, pamene mwini galimoto waima kumbuyo kwanu atapinda manja. Mukawirikiza thanki mwangogula masekondi ena 20.

Nambala imene muyenera kufunsa ndi imodzi: makinawa amatulutsa malita angati pa mphindi, pa bar 6 kapena 7? Ena amalemba CFM, ndipo CFM imodzi ndi malita pafupifupi 28 pa mphindi. Koma apanso pali msampha. Opanga ambiri amalemba mpweya umene pisitoni ikanakoka zinthu zonse zikanakhala zangwiro, osati umene ukufikadi ku payipi. Wofika ku payipi umalembedwa kuti FAD, ndipo pa makina ang'onoang'ono umakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a nambala yonyadira ija. Mukaona 220 pa katoni, m'mutu mwanu muziti 140 kapena 150.

Wogulitsa akati sakudziwa, musakangane naye, mwina sakudziwadi. Muuzeni atulutse mpweya wonse muthanki, ayatse makinawo, inu muyang'ane wotchi. Thanki ya malita 50 kufika pa bar 8 imalowa malita 400 a mpweya wa kunja kuno. Ikatenga mphindi zitatu, gawani 400 ndi 3, mupeza pafupifupi 133. Si muyeso wa mu labotale, koma ndi woona kuposa katoni. Ndipo wogulitsa amene akukana kuyatsa makina a ndalama zambiri chonchi pamaso panu wakuyankhani kale.

Palinso china chimene makatoni sanena. Nambala zawo zimakhala za mpweya wa m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Lilongwe ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo mpweya kumeneko ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600, kusiyanako kumayandikira gawo limodzi mwa 6. Makina omwewo adzadzaza msanga ku Nsanje kusiyana ndi ku Dedza. Amene muli kumtunda musagule zongokwanira ndendende.

Ndikudziwa chimene ena mukunena: "Aphunzitsi, mukulankhula ngati muli ndi ndalama. Ife timagula imene thumba lalola." Ndikumva. Sindikunena kuti aliyense agule chimakina cha lamba cha malita 200. Ngati ntchito yanu ndi kupopa matayala, omwe pa galimoto yaing'ono amafuna bar 2 kapena 2.5, kuuzira fumbi ndi kukhoma timisomali pa mipando, kakompuresa ka malita 24 kakukwanirani, ndipo wokuuzani kuti muwonjezere ndalama akukuberani. Chimene ndikukana ndi kugula kakang'onoko ndi ngongole ya ku SACCO uku mukulota zopenta maminibasi. Kameneko pampu yake imalumikizidwa mwachindunji ku mota yozungulira maulendo pafupifupi 2,850 pa mphindi. Kamasokosa, kamatentha, ndipo kanapangidwa kuti kazipuma. Mukakakamiza kuti kalire tsiku lonse kadzafa ngongole isanathe. Ya lamba pampu yake imazungulira pang'onopang'ono, siitentha kwambiri, ndipo imakonzeka. Ngati thumba silikulola, sonkhani awiri kapena atatu, kapena yambani ndi ntchito imene kakang'onoko kangathe. Yotchipa imene singagwire ntchito yanu ndiyo yodula kuposa zonse, chifukwa mudzagula kawiri.

Kumene sindingagonje ngakhale pang'ono ndi pa makompuresa opangira kuseri kwa nyumba. Luso la amisiri athu a ku Ndirande kapena ku Mchesi ndimalilemekeza, amadzutsa zinthu zimene azungu anazitaya kale. Koma kutenga pampu ya firiji yakale, kuilumikiza ku silinda ya gasi kapena ku chithanki chowotcherera pamanja, popanda swichi yozimitsa yokha ndiponso popanda safety valve, kumeneko si luso ayi. Bar 8 ndi ngati makilogalamu 8 akukankha pa kabokosi kalikonse ka sentimita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi. Chivundikiro cha thanki chotambalala masentimita 30 chili ndi timabokosi totere topitirira 700. Chulukitsani nokha: matani oposa 5 akukankha chitsulo chimenecho, pamene ana akusewera pafupi. Thanki ya madzi ikabooka imangodontha. Ya mpweya imaphulika, chifukwa mpweya wopanikizidwa umafutukuka nthawi imodzi n'kuponya zitsulo. Pa chifukwa chomwecho musayendetse mpweya m'mapayipi a PVC a madzi aja, amasweka ngati galasi.

Yogula kale kwa munthu nayo muziiopa pang'ono. Mpweya uli ndi chinyezi, makamaka nthawi ya dzinja, ndipo ukapanikizidwa n'kuzizira madzi amatsalira pansi pa thanki. N'chifukwa chake pansi pamakhala kampopi kotulutsira madzi, koyenera kutsegulidwa tsiku lililonse mukaweruka. Ambiri sakadziwa n'komwe. Dzimbiri limadya kuchokera m'kati, kunja penti ili phuliphuli. Musanapereke ndalama tsegulani kampopiko. Mukaona madzi ofiira ambiri, kapena chigamba chowotcherera pamimba pa thanki, bwererani kwanu ngakhale mtengo utsike bwanji. Thanki yobooka ndi dzimbiri siwotchereredwa, imatayidwa.

Mawu awiri kwa inu ana anga amene muli kunja ndipo mumatumizira makolo ndi achimwene anu zida. Amene muli ku Joni muli pabwino, magetsi a ku South Africa ndi ofanana ndi athu, mavolti 230 ndi 50Hz. Chosiyana ndi pulagi ya mano obulungira, imene imanyamula mpaka ma amp 16, choncho onani kaye kuti makinawo sakupitirira 13 musanangodula waya n'kuikapo pulagi yathu. Za ku Britain zimalowa mu soketi yathu mosavuta. Koma amene muli ku America, chonde, za kumeneko zambiri ndi za mavolti 120 ndi 60Hz. Zikafika kuno zimafuna thiransifoma yaikulu, ndipo ngakhale itapezeka mota imazungulira mochedwa ndi gawo limodzi mwa 6. Tumizani ndalama, agule konkuno.

Ndipo ikafika pakhomo, ilumikizeni pa soketi ya pakhoma. Mawaya aatali opyapyala a pamsika aja amagwetsa mavolti, mota imangong'ung'udza osadzuka mpaka kupsa. Ngati ntchito ili patali, talikitsani payipi ya mpweya, osati waya. Amene mukuganiza zoyendetsa pa jenereta magetsi akazima, kumbukirani kukoka kwa podzuka kuja: jenereta ya mawati 2,000 kawirikawiri imalephera kudzutsa mota ya 2HP, ngakhale pa pepala motayo ndi ya mawati 1,500 okha.