Opaleshoni yochepetsa thupi: funso lalikulu ndi la pambuyo pake

Ku Domasi, monga m'madera ambiri a boma la Zomba, munthu akanenepa anzake amati zinthu zikumuyendera. Achipatala akuona zina, chifukwa kunenepa kopitirira muyeso kumayendera limodzi ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse m'dziko muno anali onenepa kupyola mlingo, pomwe mu 1992 anali 10 okha. M'midzi chiwerengerochi chinali 18. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti ana 37 pa 100 alionse anali opinimbira. Mavuto awiriwa nthawi zina amapezeka pakhomo limodzi.

N'chifukwa chake nkhani ya opaleshoni yochepetsa thupi, yomwe ambiri amangoionera pa Facebook, ikufunika kuimvetsa bwino.

Njira yofala kwambiri padziko lonse ndi sleeve gastrectomy. Dokotala amadula n'kuchotsa pafupifupi magawo 80 pa 100 a chifu, chotsalacho n'kukhala chopyapyala ngati nthochi. Munthu amakhuta msanga ndipo njala imachepa. Koma chochotsedwacho sichibwereranso, ndipo ena amavutika ndi chilungulira.

Gastric bypass, yomwe anaiyambitsa dokotala wa ku America Edward Mason m'zaka za m'ma 1960, ndi yovutirapo. Amapanga kathumba kakang'ono kumtunda kwa chifu n'kukalumikiza ku matumbo, kotero chakudya chimalambalala mbali ina ya njira yake. Pa matenda a shuga njirayi imathandiza kwambiri, koma thupi silitenganso mokwanira ayironi, kashiamu ndi vitamini B12. Wodwala amayenera kumwa mankhwala obwezeretsa zimenezi ndi kuyezetsa magazi moyo wake wonse. Njira yachitatu, yomanga lamba pachifu, madokotala ambiri anayamba kuisiya poti ambiri amabwerera kuti akawachotse lambayo.

Kwa munthu wa ku Songani kapena ku Malosa, kusiyana kwenikweni kwagona apa. Opaleshoni ndi ya tsiku limodzi, koma chisamaliro n'cha zaka. Wochitira ku India kapena ku South Africa akabwera kumudzi, vuto likamugwera usiku amayamba wathamangira ku chipatala cha Domasi, kenako kutumizidwa ku Zomba Central, kutali ndi dokotala amene anamung'amba. Ndipo m'dziko limene amayi ambiri ali kale ndi vuto la kuchepa kwa magazi, bypass yopanda mankhwala okhazikika ndi yoopsa kuposa sleeve. Mtengo nawo unakwera kuyambira pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Palinso nkhani ya mbale. Masabata oyambirira wodwala amangomwa zamadzimadzi, ndipo pambuyo pake amauzidwa kuyamba ndi ndiwo zomanga thupi monga nsomba, mazira ndi nyemba, nsima n'kubwera kumapeto, pang'ono chabe. M'makomo ambiri a m'chigwa cha Domasi, nsima ndiyo yochuluka, ndiwo n'zongopatsirana.